Godfrey Chitalu, Mwini Zigoli 107

Godfrey "Ucar" Chitalu anabadwira ku Luanshya mu 1947. Mu 1972, ali ku Kabwe Warriors, anamwetsa zigoli 107 m'mipikisano yonse. Pambuyo pake anakhala mphunzitsi wa timu ya dziko. Pa 25 Epulo 1993 anyamata ake anagonjetsa Mauritius. Patangopita masiku awiri ananyamukanso kukasewera ku Senegal. Ndeke yao inagwera m'nyanja ku Gabon, ndipo Chitalu anafera pamodzi ndi osewera 18. Anyamata otsala ndiwo anafikitsa Zambia mu fainolo ya Africa mu 1994.

Inu aphunzitsi a matimu a kuno ku Mfuwe, masewera akathinana muzisinthanitsa osewera monga tisinthira mbeu m'munda. Wokhala pabenci lero ndiye adzasenza timu mawa.