Michael Callen: Wodwala Edzi amene adalowetsa odwala anzake m'kafukufuku

Mu Meyi 1987, bambo wina wa zaka 32 wa ku New York adapita ndi anzake kukakumana ndi Dr Anthony Fauci, mkulu wa nthambi ya boma la America yofufuza za matenda opatsirana. Bamboyo, Michael Callen, sadali dokotala. Adali woimba, ndipo adali atatha zaka zisanu akudwala Edzi pa nthawi imene ambiri ankatsikira kulichete pasadathe zaka ziwiri chiwapezereni matendawa. Pempho lake lidali lakuti boma litulutse malangizo ouza madokotala onse kuti azipatsa odwala Edzi mankhwala owateteza ku chibayo cha mtundu wa PCP, chomwe chinkapulula odwalawo kuposa nthenda ina iliyonse. Mankhwala ake sadali achilendo kapena odula. Ndi Bactrim yemweyu amene masiku ano anthu omwe ali ndi HIV amalandira m'zipatala za m'dziko muno.

Boma silidavomere. Chifukwa chomwe Fauci adapereka chidali chakuti padalibe kafukufuku wokwanira wochitidwa pa odwala Edzi enieniwo. Komatu zaka 10 m'mbuyomo, mu 1977, Dr Walter Hughes wa mumzinda wa Memphis adali atasonyeza kale kuti Bactrim amateteza ku chibayo chomwechi ana odwala khansa ya m'magazi, omwe chitetezo chawo cha m'thupi chidalinso chofooka. Malangizo a boma adadzatuluka mu Juni 1989. Malinga ndi chiwerengero chomwe Callen adapeza kuchokera ku boma lomwelo, anthu pafupifupi 17,000 adafa ndi chibayochi kuyambira pa tsiku la msonkhano uja kufika kumayambiriro kwa 1989.

Ambiri akadabwerera kunyumba kukadandaula. Callen adabwerera kukamalizitsa ntchito yomwe adali atayamba kale ndi anzake: kukhazikitsa bungwe loti odwala ndi madokotala awo a m'makwalala azichita okha kafukufuku amene boma linkachita naye chidodo.

Callen adabadwa pa 11 Epulo 1955 m'tauni yaing'ono ya Rising Sun m'chigawo cha Indiana, ndipo adakulira ku Hamilton m'chigawo cha Ohio. Adaphunzira pa Boston University mpaka 1977, kenako adasamukira ku New York komwe ankagwira ntchito ya ukalaliki masana n'kumaimba usiku. Adali mwamuna wogonana ndi amuna anzake, ndipo sankabisa kuti pa zaka zimenezo adagona ndi anthu ochuluka zedi ndiponso adadwala matenda opatsirana pogonana osiyanasiyana. Mu 1982, ali ndi zaka 27, adamupeza ndi nthenda yatsopano yomwe ngakhale dzina lake lidali lisadakhazikike.

Mwayi wake udali dokotala amene ankamuthandiza. Dr Joseph Sonnabend adabadwira ku Johannesburg, adakulira ku Bulawayo, ndipo asadatsegule kachipatala kake ku New York adali katswiri wofufuza za tizilombo. Iyeyu adayamba msanga kupatsa odwala ake Bactrim ngati chitetezo, osadikira chilolezo cha wina aliyense, ndipo odwala ake sankagwidwagwidwa ndi chibayo chija. Callen adali mmodzi mwa iwo. Choncho pomwe ankalankhula ndi akuluakulu a boma, umboni wake woyamba lidali thupi lake lomwe.

Sonnabend ndiye adamukumanitsa ndi wodwala wina, Richard Berkowitz. Mu Novembala 1982 awiriwa adalemba nkhani m'nyuzipepala ya New York Native yodzudzula khalidwe losinthasintha abwenzi pakati pa amuna anzawo, ndipo ambiri adawada nayo, ponena kuti akupereka zida kwa adani awo. Mu Meyi 1983 adatulutsa kabuku ka masamba 40 kotchedwa How to Have Sex in an Epidemic, kamene kadalangiza amuna kugwiritsa ntchito makondomu. Apa n'kuti kachilombo ka HIV kasadadziwike kwa anthu. Asayansi a ku Paris adalengeza zakupezeka kwake mwezi womwewo. Uthenga wa kondomu womwe lero uli pa zikwangwani za m'misewu ya Blantyre ndi Lilongwe, pena pake udayambira m'kabuku kameneka, kolembedwa ndi odwala awiri mothandizidwa ndi dokotala wawo.

Chinthu chimene dzina la Callen limakumbukiridwa nacho kwambiri chidachitika mwezi wotsatira. Mu Juni 1983, mumzinda wa Denver mudali msonkhano wa zaumoyo, womwe mbali yake ina idali yokambirana za Edzi. Monga mwa chizolowezi cha misonkhano yotere, olankhula adali madokotala ndi anamwino, ndipo odwala adali nkhani yongokambidwa. Kagulu ka amuna odwala ochokera ku New York, San Francisco ndi mizinda ina kadakumana m'chipinda cha hotela. Callen ndi Bobbi Campbell, namwino wa ku San Francisco yemwenso adali kudwala, adatsogolera kulemba mfundo zomwe lero zimatchedwa Denver Principles. Pa tsiku lotseka msonkhano, amunawo adakwera pa nsanja n'kuwerenga mfundozo mosinthana.

Mfundozo zidakwana pa tsamba limodzi. Adakana kutchedwa anthu ogonja kapena ongoyembekezera chifundo, ndipo adati dzina lawo likhale anthu omwe ali ndi Edzi. Adafuna mipando m'makomiti a mabungwe onse owathandiza, komanso kuti pa msonkhano uliwonse wa Edzi mawu awo azilemera chimodzimodzi ndi a akatswiri. Pa nkhani ya kafukufuku adanena chinthu chomwe lero chimaoneka ngati chachidziwikire koma pa nthawiyo sichidali choncho: kuti wodwala afotokozeredwe bwinobwino ubwino ndi kuopsa kwa chilichonse chomwe akufuna kumuchita, ndipo akakana kulowa m'kafukufuku asamanidwe chithandizo. Sadaiwalenso udindo wawo, pakuti adalemba kuti munthu wodwala ayenera kuuza wogonana naye za m'mene alili.

Misonkhano ikuluikulu sidasinthe tsiku limodzi. Msonkhano woyamba wa dziko lonse wa Edzi, womwe udachitikira ku Atlanta mu 1985, udali wa asayansi. Zidatengera kuti mu Juni 1989 anthu mazana angapo a magulu omenyera ufulu wa odwala alowe mwamphamvu pa mwambo wotsegulira msonkhano wachisanu ku Montreal n'kulanda nsanja, kuti okonza misonkhanoyi ayambe kupereka malo kwa odwala. Mu Disembala 1994, maiko 42 adasainira ku Paris pangano loti anthu omwe ali ndi HIV azitenga nawo mbali mokulirapo pa ntchito yolimbana ndi mliriwu.

Koma mpando pa msonkhano sumuchiza munthu, ndipo Callen ankadziwa zimenezi. Mu 1985 adali m'gulu la oyambitsa bungwe la People With AIDS Coalition, ndipo mu 1987 iye, Sonnabend ndi mnzawo Thomas Hannan adakhazikitsa Community Research Initiative. Ganizo lake lidali losavuta kumva. Kafukufuku wa mankhwala ankachitikira m'zipatala zikuluzikulu za mayunivesite, komwe ankalemba anthu mwapang'onopang'ono ndipo chidwi chonse chidali pa mankhwala amodzi, AZT. Chikhalirecho odwala ambiri ankapita kwa madokotala wamba, omwe tsiku ndi tsiku ankayesa mankhwala osiyanasiyana popanda wolemba zotsatira mwadongosolo. Bungwelo lidati madokotala amenewa atsate ndondomeko imodzi, alembe zomwe akuona m'njira imodzi, ndipo zonse zisonkhanitsidwe pamodzi. Odwala adapatsidwa mipando m'bodi ya bungweli ndiponso m'komiti younika ngati kafukufuku akulemekeza ufulu wa olowamo. Ankafunsidwa kuti ndi mafunso ati ofunika kufufuza poyamba, ndipo sankalola kuti munthu amene moyo wake uli pachiswe apatsidwe mapiritsi opanda mankhwala pofuna kungoyerekeza zotsatira.

Akatswiri ambiri ankakayika ngati kafukufuku wotere angapereke zotsatira zodalirika. Yankho lidabwera ndi mankhwala otchedwa pentamidine, amene wodwala ankawapuma ngati nthunzi pofuna kupewa chibayo cha PCP. Adali ofunika chifukwa odwala Edzi ambiri Bactrim ankawatulutsa ziwengo ndi kuwatenthetsa thupi. Bungwe la Callen lidayesa mankhwalawa pa odwala a ku New York, pomwe gulu lina la madokotala wamba ku San Francisco, lotsogozedwa ndi Dr Donald Abrams, lidachita kafukufuku wake. Mu Juni 1989 bungwe la boma lovomereza mankhwala la FDA lidavomereza pentamidine wopumayu potengera zotsatira za magulu awiriwa. Aka kadali koyamba kuti mankhwala avomerezedwe ku America pa umboni wochokera m'kafukufuku wa m'madera. Chaka chomwecho nthambi ya Fauci idakhazikitsa ndondomeko yakeyake yopereka ndalama ku kafukufuku wa mtundu womwewu. Patapita zaka zochepa zidadziwika kuti Bactrim, wotsika mtengo uja, amateteza bwino kuposa pentamidine, zomwe Sonnabend ankaona kale mwa odwala ake.

Mbiri ya Callen ili ndi mbali ina yomwe omutamanda amakonda kuilambalala. Mpaka kumapeto kwa moyo wake ankakayika kuti HIV payokha ndiyo imayambitsa Edzi. Ankakhulupirira kuti chitetezo cha m'thupi chimagwa chifukwa cha matenda ambiri obwerezabwereza. Apa adalakwa, ndipo kukayika kwa mtundu umenewu kutafika m'boma la South Africa pa nthawi ya Thabo Mbeki, kudachedwetsa mankhwala ndi kutayitsa miyoyo yochuluka. Pa AZT nkhani ndi yosakanikirana. Callen adakana kumwa mankhwalawa ndipo ankawatcha chiphe. Zoona, mlingo womwe unkaperekedwa mu 1987 udali waukulu kwambiri moti unkathetsa anthu magazi, ndipo kafukufuku wa Concorde wa ku Britain ndi France adasonyeza mu 1993 kuti kuyamba msanga AZT payekha sikutalikitsa moyo wa munthu yemwe sadayambe kudwala. Koma AZT yemweyo adapezeka mu 1994 kuti amachepetsa kwambiri kupatsira mwana kachilombo kuchokera kwa mayi, ndipo pambuyo pake adakhala mbali ya ma ARV ophatikiza omwe apulumutsa anthu mamiliyoni. Wodwala akapatsidwa mawu amathanso kulakwitsa, monga amalakwitsira pulofesa. Chomwe chidaweruza pakati pa Callen ndi otsutsana naye ndi kafukufuku wadongosolo, chinthu chomwe iye mwini ankamenyera.

Kuno ku Africa, Bactrim adayenda njira yakeyake, ndipo adachedwanso. Kafukufuku muwiri wochitikira ku Abidjan m'dziko la Côte d'Ivoire adatuluka mu 1999, ndipo mmodzi mwa iwo adapeza kuti imfa pakati pa odwala TB omwe ali ndi HIV zidatsika ndi pafupifupi theka. Ku Lusaka, kafukufuku wa ana yemwe adatuluka mu 2004 adapeza kuti imfa zidatsika ndi 43 pa 100 iliyonse. M'dziko muno kafukufuku wa m'maboma a Thyolo ndi Karonga adasonyezanso kuti odwala TB omwe ali ndi HIV amafa ochepa akamamwa mankhwalawa. Kuno phindu lake lalikulu lili pa kupewa matenda a m'chifuwa, kutsegula m'mimba ndi malungo. Ntchito imeneyi idagwiridwa ndi ofufuza ena, osati Callen. Chomwe chili ndi mizu ku Denver ndi New York ndi mchitidwe woti anthu a m'dera azikhala ndi komiti yolangiza ofufuza. Kafukufuku wa HPTN 052, yemwe mu 2011 adasonyeza kuti kuyamba msanga ma ARV kumachepetsa ndi 96 pa 100 iliyonse mwayi wopatsira wokondedwa kachilombo, adachitikiranso ku Lilongwe ndi Blantyre, ndipo malo ochitira kafukufuku wotere amayenera kukhala ndi makomiti amenewa. Kaya makomitiwo amasankhadi mafunso ofufuza kapena amangothandiza kusaka anthu olowa m'kafukufuku wokonzedwa kale kunja, ndi funso lomwe Callen akadafunsa mosaopa.

M'kati mwa zonsezi sadasiye kuimba. Adatulutsa chimbale cha Purple Heart mu 1988, ndipo adali m'gulu la The Flirtations, loimba popanda zida, lomwe lidaoneka mu filimu ya Philadelphia mu 1993. Mu 1990 adalemba buku la Surviving AIDS, momwe adacheza ndi anthu omwe adakhala zaka zambiri ndi matendawa, pofuna kutsutsa zonena kuti aliyense wopezeka ndi Edzi amafa posachedwa. Ankaona kuti mawu otere amapha chiyembekezo, ndipo munthu wotaya mtima safunafuna ngakhale chithandizo chomwe chilipo.

Zaka zake zomaliza adakhala ku Los Angeles, akujambula nyimbo mothamanga pomwe khansa ya Kaposi inkafalikira m'mapapo mwake. Adamwalira pa 27 Disembala 1993 ali ndi zaka 38, patatha zaka 11 chimupezereni matendawa. Nyimbo zomwe adajambulazo zidatuluka mu 1996, chaka chomwe msonkhano wa Edzi wa ku Vancouver udamva zotsatira za mankhwala atatu ophatikiza. Ku New York kuli chipatala cha Callen-Lorde, chotchedwa ndi dzina lake pamodzi ndi la mlakatuli Audre Lorde.