Robert Koch, Dotolo Woŵeta Tizirombo

Robert Koch anabadwa m'caka ca 1843 ku Clausthal, mudzi wa migodi m'dziko la Germany. Ataphunzira udotolo, anakagwira nchito ku Wollstein, kumene nkhosa ndi ng'ombe zinali kufa ndi nthenda ya anthrax. Iye anapenya mwazi wa zoŵetazo ndi maikulosikopu, galasi lokuza zinthu zosaoneka ndi maso, ndipo m'1876 anasonyeza kacirombo kamene kanali kuzipha.

Koma panali bvuto. M'dontho limodzi la madzi oipa mumakhala tizirombo tamitundumitundu, tosanganikirana monga mapira ndi mcenga. Nanga munthu angadziŵe bwanji kamene kali ndi mlandu? Koch anadula mbatatesi yophika, napaka tizirombo pamwamba pace. Atapita masiku oŵerengeka panamera timaŵanga. Kaŵanga kali konse kanali banja la kacirombo kamodzi, kamene kanaswana pomwe kanagwerapo, pakuti pa cakudya colimba sikakanatha kusambira ndi kusanganikirana ndi tinzace. Tsono iye anali kutola banja limodzi ndi kuliŵeta palokha.

Tizirombo tina tinakana mbatatesi. Anayesa msuzi wa nyama wolimbitsidwa ndi gelatin, koma uwu unali kusungunuka kukatentha. Nzeru inacokera kwa mai Fanny Hesse, mkazi wa mthandizi wace, amene anali kulimbitsa zophika zace ndi agar, wocokera ku ndere za m'nyanja. Mabuku ambiri amaiŵala mai ameneyu, ndipo nkulakwa. M'1887 mthandizi wina, Julius Petri, anakonza mbale yagalasi yobvundikira. Pa mbale zotere mpamene akatswiri amasankha tizirombo timene atipatsa DNA yatsopano, ndiyo malangizo a cibadwa. Kuyambira m'1982 odwala shuga akhala akulandira insulin yopangidwa ndi tizirombo totere.

M'1882 Koch anapeza kacirombo ka cifuwa cacikuru. M'1884, ali ku Calcutta m'dziko la India, anaŵeta ka kolera pakokha, nakapezanso m'thamanda limene anthu anali kucapamo ndi kutungamo madzi akumwa. Kacirombo komweko ndiko kanasautsa Kanyama ndi makomboni ena a Lusaka m'2017 ndi 2018, kumene zitsime zosazama zinakumbidwa pafupi ndi zimbudzi.

Nayenso anaphonyapo. M'1890 analengeza mankhwala a cifuwa cacikuru asanawayese mokwanira, ndipo sanaciritse odwala. Ena anafa atawalandira. M'1903 anafika ku Bulawayo kudzafufuza nthenda ya ng'ombe yobwera ndi nkhupakupa, koma katemera amene anayesa kumeneko sanathandize. Analandira mphoto ya Nobel m'1905, namwalira ku Baden-Baden pa 27 May 1910.