William Koyi, Mlaliki wa ku Njuyu (1846-1886)

Bambo William Koyi sanali mbusa wodzozedwa, ndipo maphunziro awo anali ochepa. Anabadwa m'chaka cha 1846 pakati pa Axhosa, kum'mawa kwa Cape Colony. Pa unyamata wawo anayendetsa ngolo za ng'ombe, nagwiranso ntchito ku Port Elizabeth. Anatembenuka mtima atakula kale, ndipo mu 1871 anayenda pansi masiku ambiri kunka ku sukulu ya Lovedale kukayamba kuphunzira ali ndi zaka 25.

Mu 1876 Dr. James Stewart anafunsa ophunzira a ku Lovedale ngati analipo ofuna kukathandiza Mishoni ya Livingstonia, imene inali itangokhazikika ku Cape Maclear. Anasankhidwa anayi: William Koyi, Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili. Podzipereka, a Koyi sanalonjeze zazikulu. Anadziyesa munthu wa theka la talente, wokonzeka kukatema nkhuni ndi kutunga madzi. Koma mwa anayiwo a Wauchope anadwala nabwezedwa kwawo, a Mngunana anamwalira mu 1877, ndipo a Ntintili anabwerera mu 1880. Wa theka la talente uja ndiye anakhalitsa.

Mphatso yawo inaonekera mu 1878, pamene anakwera ndi Dr. Robert Laws kumapiri kumene kunkakhala Angoni a Inkosi M'mbelwa. Angoniwo anachokera kumwera ndi Zwangendaba, naoloka Zambezi mu 1835, ndipo chinenero chawo chinali pa ubale ndi Chixhosa. Motero a Koyi anali pakamwa ndi khutu la Mishoni. Mu 1882, atapita kwawo kukakwatira ndi kubwerako, anakhazikika ku Njuyu, pafupi ndi mudzi wa a Chipatula, m'dera la mtsinje wa Kasitu.

Pamenepo ndipo panayambira mayeso. Angoni anawalandira, koma anakana sukulu. Kukanako sikunali kwa umbuli, pakuti nduna zinaona patali: mwana wophunzira Mawu a Mulungu adzakana kunyamula chishango, ndipo ufumu wawo unaima pa nkhondo. Zinafunanso kuti Mishoni isiye Atonga a ku Bandawe, kumene inasamukira mu 1881, ndi kukhala ya Angoni okha. A Koyi anali pakati pa mbali ziwirizi. Ankaona magulu a nkhondo akutsikira kunyanja kumene kunali abale awo mwa Khristu, ndi kubwerako ndi akapolo, iwo alibe mphamvu yakuwaletsa. Kangapo konse moyo wawo unali pa nsonga ya mkondo. Mnzawo wa pantchito, James Sutherland, anamwalira mu 1885.

Ife a masiku ano timafulumira kuyesa ntchito ya mtumiki ndi chiwerengero cha obatizidwa chimene abwera nacho ku msonkhano. Mwa muyeso umenewo zaka zinayi za ku Njuyu zinali zopanda kanthu. Koma kudikira kwa a Koyi sikunali kupinda manja. Ankakhala pansi pa bwalo ndi akuluakulu, kumvetsera nkhani zawo kufikira mapeto, kulemekeza mwambo wa kwa mfumu, ndi kuyankha mwano mofatsa. Sanakakamize chitseko chimene Mulungu anali asanatsegule, komanso sanachoke pakhomopo. Usiku, anthu atagona, anyamata awiri, Mawelera ndi Makara Tembo, ana a sing'anga, ankabwera mobisa kudzaphunzira kuwerenga.

Kumayambiriro kwa 1886 mvula inakana kugwa. Nsembe za ng'ombe kwa mizimu ya makolo zitalephera, nduna zinapempha amishoni kuti apemphere kwa Mulungu wawo. Dr. Walter Elmslie, amene anafika mu 1885, anaopa kuyesedwa wolodza mvula, komabe mapemphero anachitika, ndipo m'mawa mwake mvula inagwa. Nkosavuta kunena kuti mvulayo ndiyo inasintha mitima. Koma nduna sizikadapita kukapempha kwa alendo amene sizinawakhulupirire, ndipo chikhulupiriro chimenecho anachilima ndi a Koyi.

Patapita miyezi, bwalo la Inkosi M'mbelwa linalola kuti amishoni alalikire ndi kuphunzitsa ana m'dzikomo. Uthengawo unawapeza a Koyi ali gone pamphasa, matenda atawafooketsa. Dr. Elmslie atawauza, iwo anayankha ndi pemphero la nkhalamba Simeoni, amene analandira Mwanayo m'Kachisi napempha kuti amuke mumtendere. Anamwalira pa 4 June 1886, ali ndi zaka 40, naikidwa ku Njuyu komweko.

Sukulu inatsegulidwa chakumapeto kwa chaka chomwecho. Mawelera ndi Makara Tembo anabatizidwa mu 1890, Angoni oyamba kulowa mu Eklesia m'dziko la M'mbelwa, ndipo Mawelera anadzakhala mkulu wa mpingo ndi wopeka nyimbo zachikhristu m'mayimbidwe a Chingoni.