Mbiri ya Dotolo Frederick Banting, Bwenzi la Ana Odwala Shuga

Chisanafike chaka cha 1922, mwana akagwidwa ndi nthenda ya shuga makolo ake ankayamba kulira iye akali moyo, pakuti pa dziko lonse lapansi panalibe mankhwala oti n'kumpulumutsa. Ana ambiri otere ankafa pasanathe chaka chimodzi kapena ziwiri. Lero mwana wodwala nthenda yomweyo akhoza kukhala nafe m'kalasi, kulemba mayeso ndi kumenya mpira pabwalo monga wina aliyense. Tsono ndi bwino kuti tidziwe mbiri ya munthu amene anatsegula njira imeneyi, ndiye Dotolo Frederick Banting wa ku Canada.

Banting anabadwa pa 14 Novembala 1891 pafupi ndi mudzi wa Alliston m'chigawo cha Ontario. Atate ake anali mlimi, ndipo iye anali mzime m'banja la ana asanu. Kusukulu sanali mwana wodabwitsa ayi. Anali wamanyazi, ndipo kalembedwe ka mawu kankamvuta kwambiri. Mu 1910 analowa koleji ku Toronto ndi maganizo oti adzakhale mbusa, koma mayeso a chaka choyamba analephera. Sanabwerere kumunda kwa atate ake. Mu 1912 anayamba kuphunzira zaudotolo pa Yunivesite ya Toronto, natsiriza mu Disembala 1916, nthawi imene nkhondo yoyamba ya dziko lonse inali pakati. Anapita ku Ulaya kukagwira ntchito yochiza asilikali. Mu 1918, pa nkhondo ya ku Cambrai m'dziko la France, anavulazidwa pamkono, koma anakhalabe akumanga mabala a anzake kwa maola ambiri. Chifukwa cha kulimba mtima kumeneku anampatsa mendulo yotchedwa Military Cross.

Nkhondo itatha anagwira ntchito pa chipatala cha ana ku Toronto, ndipo mu 1920 anakatsegula nyumba yake yochizira odwala mu mzinda wa London. Tisasokoneze, anzanga, uyu si London wa ku Mangalande, koma mzinda wina wa dzina lomwelo ku Ontario konko. Kumeneko zinthu zinamuipira. Anakhala pafupifupi mwezi wathunthu osalandira wodwala ndi mmodzi yemwe, kotero kuti anayamba kuthandiza kuphunzitsa pa sukulu ya zaudotolo ya mumzindamo kuti apezeko ndalama yodyera.

Tisanapitirire, tiyeni timve za nthendayi. M'mimba mwa munthu, kuseri kwa chifu, muli chiwalo chotchedwa kapamba. Chiwalochi chili ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndiyo kutulutsa madzi ogaya chakudya, amene amadzera m'kamtsempha kupita m'matumbo. Yachiwiri imachitika m'timagulu ta maselo tomwazikana m'kapambamo ngati tizilumba, timene wophunzira wina wa ku Germany, Paul Langerhans, anationa mu 1869. Tizilumba timeneti timatulutsa insulini, imene imatsegulira shuga wa m'magazi njira yolowera m'minofu kuti thupi lipeze mphamvu. Mwa ana ambiri odwala shuga tizilumbati timakhala titaonongeka. Chotero shuga amangodzaza m'magazi natayika pamodzi ndi mkodzo. Mwanayo amamva ludzu losatha, amakodza kawirikawiri usana ndi usiku, ndipo amaonda ngakhale akudya kwambiri.

Anthu ophunzira anali atadziwa kale kuti gwero la nthendayi lili m'kapamba, pakuti mu 1889 Oskar Minkowski ndi Joseph von Mering anachotsa kapamba wa galu, ndipo galuyo anadwala shuga. Koma amene anayesa kutenga mankhwala m'chiwalochi sanapeze chinthu choyera choti n'kubaya nacho munthu. Chimene madotolo ankachita ndicho kumana mwana chakudya. Ankampimira tizakudya tochepa kwambiri kuti shuga asakwere, ndipo mwanayo ankangowonjezerapo miyezi, ali mafupa okhaokha.

Usiku wa pa 30 Okutobala 1920, Banting anali kukonzekera phunziro la kapamba loti akaphunzitse, nawerenga nkhani ya dotolo wina, Moses Barron. Tulo sitinabwere. Pakati pa usiku anadzuka nalemba maganizo ake m'kabuku: kuti akamanga kamtsempha ka kapamba wa galu, mbali yogaya chakudya idzafota, tizilumba tija tidzatsala, ndipo m'menemo adzatha kutengamo mankhwala. Anapita nawo maganizowa kwa John Macleod, mphunzitsi wamkulu wa pa Yunivesite ya Toronto, amene ankadziwa bwino za shuga m'thupi. Macleod anakayika, poona kuti mnyamatayu sanachitepo ntchito yofufuza, komabe anampatsa chipinda, agalu ndi wophunzira wa zaka 22, Charles Best, kuti amthandize kuyeza shuga m'magazi.

Awiriwa anayamba ntchito pa 17 Meyi 1921. Chipinda chinali chotentha ndi chauve, ndipo agalu ambiri anafa m'masabata oyamba. Koma pa 30 Julayi anabaya galu wodwala shuga ndi madzi amene anatenga m'kapamba, ndipo shuga wa m'magazi ake anatsika. Pambuyo pake anaona kuti sikofunika kumanga kamtsempha kaja, chifukwa akhoza kutenga mankhwalawo m'kapamba wa ng'ombe zophedwa kale. Galu wina, dzina lake Marjorie, anakhala moyo masiku 70 wopanda kapamba, akungobayidwa mankhwalawo. Komabe mutu umodzi susenza denga. Madzi ajawa anali ndi zonyansa zambiri, ndipo mu Disembala 1921 Macleod anaitana James Collip, katswiri wa kasakanizidwe ka mankhwala, kuti awayeretse.

Munthu woyamba kubayidwa anali mnyamata wa msinkhu wa anzathu a Fomu 1, Leonard Thompson, wa zaka 14. Anali gone m'chipatala chachikulu cha Toronto, akulemera mapaundi 65 okha, ndiwo makilogalamu ngati 29. Jakisoni woyamba, wa pa 11 Januwale 1922, sanathandize kwenikweni, ndipo pamene anambayapo panatupa. Pa 23 Januwale anambayanso ndi mankhwala amene Collip anayeretsa. Shuga anatsika, mnyamatayo anayamba kupeza mphamvu, ndipo anakhala moyo zaka zina 13 kufikira pamene chibayo chinamtenga mu 1935.

Mbiri inawanda, ndipo makolo anayamba kubwera ndi ana awo ku Toronto. Mmodzi wa anawo anali Elizabeth Hughes, mwana wa nduna yoona za maiko akunja m'boma la Amereka. Iye anadwala ali ndi zaka 11, nakhala zaka zitatu pa chakudya chopimidwa chija. Pofika kwa Banting mu Ogasiti 1922 anali pafupi kukwanitsa zaka 15, koma ankalemera mapaundi 45, ndiwo makilogalamu ngati 20, ndipo kuyenda kunkamvuta. Banting anayamba kumbaya insulini namlola kudya mokwanira. Mtsikanayo anaphunzira kudzibaya yekha, anabwerera kusukulu, ndipo mu 1929 anatsiriza maphunziro ake pa koleji ya Barnard ku New York. Anakwatiwa, anabala ana atatu, namwalira mu 1981 ali ndi zaka 73. Koma moyo wake wonse anabisa nthenda yake kwa anthu ambiri, monga amachitirabe ana ena lero poopa kusekedwa.

Mu 1923 Banting, Best ndi Collip anapereka umwini wa mankhwalawa ku Yunivesite ya Toronto pa mtengo wa dola imodzi munthu aliyense, kuti pasapezeke munthu mmodzi wolemera nawo pamene ana akufa. Chaka chomwecho mphotho ya Nobel inapatsidwa kwa Banting ndi Macleod. Banting anali munthu wa mtima wapachala, ndipo anali atakangana kale ndi Macleod ndi Collip pa nkhani yoti ulemu ukhale wa yani. Anapsa mtima pomva kuti Best amsiya, ndipo anamgawira theka la ndalama zake. Macleod nayenso anagawana zake ndi Collip. Mu 1934 Mfumu George V inampatsa Banting ulemu wa Sir. M'zaka zotsatira anafufuza za matenda ena, ndipo popuma ankakonda kujambula zithunzi za mapiri ndi midzi ya kwawo. Pa nkhondo yachiwiri anagwira ntchito yofufuza za umoyo wa oyendetsa ndege. Ali pa ulendo wopita ku Mangalande, ndege imene anakwera inagwa ku Newfoundland, ndipo anamwalira pa 21 Febuluwale 1941 ali ndi zaka 49. Kuyambira mu 1991, tsiku lake lobadwa, 14 Novembala, ndilo tsiku limene maiko amakumbukira nthenda ya shuga.

Tsono insulini siichotsa nthenda m'thupi. Imangogwira ntchito imene kapamba analeka, nchifukwa chake mwana wodwala amayenera kubayidwa tsiku ndi tsiku moyo wake wonse. Apa ndi pamene ife a sukulu yogonera komweko tili ndi mbali yathu. Mnzathu wotere ayenera kudya pa nthawi yake, pakuti akabaya insulini koma nsima n'kuchedwa, kapena akathamanga kwambiri pabwalo, shuga wake akhoza kutsikitsa. Pamenepo amanjenjemera, amatuluka thukuta, amamva njala ndi chizungulire, mwina amayankhula zosamveka ngati woledzera. Ngati akutha kumeza, timpatse msanga madzi osungunuliramo shuga kapena switi, kenaka chakudya. Ngati wakomoka tisamthire kanthu m'kamwa, pakuti akhoza kutsamwa. Timgoneke cham'mbali ndi kuitana aphunzitsi kuti apite naye kuchipatala mosachedwa. Mankhwala ake asakhale padzuwa kapena pamalo otentha. Akapempha kutuluka m'kalasi kukataya madzi kapena kukayeza magazi, aphunzitsi athu amlole, pakuti si ulesi. Ndipo tikaona mnzathu akumwa madzi kosalekeza, akudzuka kawirikawiri usiku ndi kuonda popanda chifukwa, timlangize akayezetse, chifukwa ana ena amafika kuchipatala mochedwa.

Nthendayi siyopatsirana. Sitingaitenge podyera mbale imodzi kapena pogona chipinda chimodzi, ndiponso mwana saidwala chifukwa choti ankakonda nzimbe kapena tiyi wotsekemera. Palibe chifukwa choti mnzathu azikabisala kuseri kwa nyumba pobaya jakisoni wake.

Banting analephera mayeso, anasowa odwala, ndipo anali ndi zofooka zake monga munthu, koma anagwiritsa ganizo limodzi osalitaya, ndipo anzake atatu anamthandiza kulifikitsa. Iwo anapezera ana mankhwala. Koma kuti mwana wodwala shuga atsirize sukulu monga anachitira Elizabeth Hughes, pafunikanso wophika wosachedwetsa chakudya, mphunzitsi womvetsa, ndi mnzake wogona naye pafupi amene adziwa chochita thukuta lija likayamba. Ntchito imeneyo yatsalira ife.