A Mukuka Nkoloso, Mphunzitsi Wofuna Kukafika ku Mwezi

Ambiri adawaseka a Edward Mukuka Nkoloso, koma bambowa sadali munthu wamba. Adabadwa m'chaka cha 1919 kumpoto kwa Northern Rhodesia, dziko lomwe lero likutchedwa Zambia. Atabwerako ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse adagwira ntchito ya uphunzitsi, ndipo Atsamunda adawatsekerapo m'ndende chifukwa chomenyera ufulu.

M'chaka cha 1960 adayambitsa sukulu ya sayansi ya zam'mlengalenga, ndipo ankaphunzitsira pafamu ina kufupi ndi Lusaka. Wophunzira ankalowa mumgolo wa mafuta, anzake n'kuugubuduza pamtsetse, kuti thupi lizolowere chizungulire cha ulendo wa ku mwezi. Roketi yawo, D-Kalu 1, idali ya aluminiyamu ndi mkuwa, yooneka ngati mgolo womwewo.

Komatu roketi imauluka ndi moto wamphamvu woikankha, ndipo moto wotere umadya ndalama. A Nkoloso adapempha mapaundi 7,000,000 ku bungwe la UNESCO, koma sadalandire kanthu. Adafunitsitsa kuiulutsa pa 24 Okutobala 1964, tsiku la ufulu wa Zambia, akuluakulu okonza mwambowo adakana. Bambowa adamwalira m'chaka cha 1989, roketi ija isadanyamukepo pansi.