MALEMU DU CHISIZA NDI MASIKU AJA TINKATCHENA POPITA KU ZISUDZO

Amayi anzathu, ana athu ambiri amamva dzina la Du Chisiza koma sadziŵa kuti mwini wake anali yani. Tsono taganiza zolemba mbiri yake m'buku lathu lino, pakuti munthuyu anakhala pakati pathu muno m'Blantyre, ndipo ena a ife tinamuona ndi maso.

Dunduzu Chisiza wamng'ono anabadwa pa 26 March 1963. Bambo ake sanaŵaone. A Dunduzu Chisiza aakulu, amene kwawo kunali ku Karonga, anali mlembi wamkulu wa chipani cha Malaŵi Congress, ndipo anamwalira m'mwezi wa September 1962 pamene galimoto lawo linapezeka litagwa pa mlatho wa Thondwe, pa mseu wa ku Zomba. Mayi ake anatsala ali ndi pakati. Ife amene tinaberekapo tikudziŵa kulemera kwa kulira maliro uli woyembekezera. Mwanayo ali ndi zaka zinayi, mu October 1967, a Yatuta Chisiza, mbale wa bambo ake, anaphedwanso ndi asilikali cha ku Mwanza ataloŵa m'dziko ndi mfuti kudzalimbana ndi boma la Dr Banda. Kuyambira pamenepo dzina la Chisiza linali lotchula monong'ona.

Sukulu ya sekondale anaphunzira pa HHI, pa mishoni pompa. M'masiku amenewo kunali mpikisano wa zisudzo za m'Chingerezi wa sukulu za sekondale za dziko lonse. M'chaka cha 1982 mnyamatayu analemba yekha seŵero lotchedwa The Deceased's Attack, naŵaphunzitsa anzake, ndipo linapambana onse. Pambuyo pake anapita ku Amereka, mu mzinda wa Philadelphia, kukaphunzira luso la zisudzo. Anabwerako mu 1987 nakhazikitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre, gulu loyamba m'Malaŵi la anthu ofuna kudya za thukuta la zisudzo, osati kungoseŵera akaŵeruka ku ntchito. Makolo ambiri sankamvetsa zimenezi. Mwana wophunzira mpaka ku Amereka ankayenera kukhala mu ofesi atamanga tayi, osati kumalira ndi kugubuduka pa bwalo anthu akuseka.

Kuti timvetse chimene iye anachita, tikumbuke m'mene zinthu zinaliri. Ku Ulaya chizoloŵezi chopita ku nyumba ya maseŵero nchakale kwambiri. Gule wawo wotchedwa ballet, uja akazi amavina ataima pa nsonga za zala zakumapazi, anayambira m'nyumba za mafumu ku Italy, ndipo mfumu Louis XIV ya ku France inatsegula sukulu ya magule mu 1661. Anthu a kumeneko ankapita kukaonera atavala zovala zawo zapamwamba, ena nkumaonererana zovalazo kuposa gule amene. Kuno kwathu kunalibe nyumba zotero. Magule athu, chimtali ndi chioda, tinkavinira pa bwalo. Wailesi ya kanema kunalibe, inadzayamba mu April 1999, mwiniwake wa nkhani ino atagona kale m'manda. Tinali ndi wailesi ya MBC yokha, kumene tinkamvera Kapalepale ndi Seŵero la Sabata Ino, ndipo ofuna kanema ankapita ku Apollo. Malo amene zisudzo zinapeza pokhala anali ku French Cultural Centre, kufupi ndi Chichiri. Kumeneko nkumene a Wakhumbata ankadzaza anthu mpaka ena kusoŵa pokhala.

Tsiku la seŵero linali ngati la ukwati. Anthu ankachokera ku Ndirande, ku Chilomoni, ku Zingwangwa, ku Soche, ku Kanjedza ndi ku Bangwe, ena pa basi, ena wapansi. Madzulo a dzulo lake simbi ya makala inali itagwira kale ntchito. Amayi ankavala madiresi otsika kupitirira maondo, kapena chilundu chosokedwa ndi telala wa pa khonde ku Limbe, duku lomangidwa mokweza, nsapato za gogoda, ndi kachikwama m'khwapa. Atsikana ankawotcha tsitsi ndi chipeso cha pamoto, ndipo amene anali ndi ndalama ankaika pemu. Abambo ankabwera ndi suti ndi tayi ngakhale m'mwezi wa October dzuŵa likuswa mtengo, nsapato zitapukutidwa mpaka kumadziona nkhope. Kutalika kwa diresi sikunali kufuna kwathu kokha ai. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa akazi kuvala thalauzi kapena siketi yoonetsa maondo, amuna nawonso sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali, ndipo zinali choncho mpaka ndale zitasintha. Komabe tisaname, mkati mwa lamulo lomwelo amayi a m'Blantyre ankadziŵa kutchena. Seŵero likakhala Lamulungu masana, ambiri tinkangochoka ku tchalitchi, kukapakula nsima ya ana msangamsanga, nkuthamangira komweko ndi zovala zomwezo.

Koma anthu sankadzera kutchena kokha. Pa nthaŵiyo seŵero lililonse linkayamba laŵerengedwa ndi bungwe la boma loona za mabuku ndi zisudzo, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, ndipo ena mwa maseŵero a Du analetsedwa. Iye anaphunzira kulankhula mokuluŵika. Ankaika nkhani yake m'banja kapena m'dziko lopeka, womva nkumva. Papa's Empire anthu analimva kuti likunena za ulamuliro wa nthaŵiyo. Tatuya Futi linali lokumbukira bambo ake ndi a Yatuta, ndipo mukatembenuza mau oti Tatuya mupeza dzina la Yatuta. Ena mwa maseŵero ake ndi Fragments ndi Educating Mwalimu. Onse amene analemba yekha aposa 20. M'holo muja munthu unkaseka, kenaka nkucheuka kuona amene wakhala pambali pako, chifukwa sunkadziŵa kuti ndani watumidwa.

Maseŵero ake ambiri anali m'Chingerezi, ndipo ichi chinali chovuta kwa ena a ife amene sukulu tinalekezera ku pulayimale. Tinkamva bwino a Kwathu, gulu la Izeki ndi Jakobo, amene ankaseŵera m'Chicheŵa. Koma Du akakhala pa bwalo, mau ake ndi thupi lake zinkakufotokozera zimene Chingerezi chakubisira, ndipo ana athu a sekondale ankatimasulira zotsalazo pobwerera kunyumba.

M'chaka cha 1993, chaka cha riferendamu, anadabwitsa anthu povomera kukhala nduna ya achinyamata, maseŵero ndi chikhalidwe m'boma la Malaŵi Congress, boma lomwe lija ankalidzudzula, limenenso asilikali ake anapha a Yatuta. Ambiri amene ankamuombera m'manja anakhumudwa, ndipo ife tomwe sitinaone kuti chinali chanzeru. Undunawo sunakhalitse, popeza chipanicho chinagonja pa chisankho cha May 1994. Anabwerera ku zisudzo, kenaka analoŵa chipani cha UDF. Anamwalira atadwala pa 24 February 1999, asanakwanitse zaka 36.

Gulu lake analitsogolera mayi, Gertrude Kamkwatira, amene anaseŵera naye zaka zambiri. Mayiyu pambuyo pake anayambitsa gulu lakelake la Wanna-Do, nalemba maseŵero ake, mpaka anamwalira mu 2006. Afalansa nawo anachoka pa malo aja, boma linaŵatenga, ndipo dzina lake tsopano ndi Blantyre Cultural Centre.