MALEMU ALICK NKHATA, WOIMBA AMENE NKHONDO INAWAPEZA PA MUNDA

Anthu opita ku Lusaka amadutsa mu mseu wochedwa Alick Nkhata, kumene kuli nyumba zoulutsira mau za ZNBC. Koma acinyamata ambiri sadziwa kuti mwini dzina limeneli anali yani, ndiponso kuti anafa imfa yotani.

A Alick Nkhata anabadwira ku Kasama m'caka ca 1922. Atakula analowa usilikali pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse lapansi. Atabwerako anagwira nchito ndi a Hugh Tracey, mzungu amene anali kuyenda m'maiko a kuno ndi makina ojambulira nyimbo za makolo. Pambuyo pace analembedwa nchito pa nyumba ya wailesi ya Central African Broadcasting Station mu Lusaka, imene mau ace anali kumveka mu Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland.

Masiku amenewo wailesi inali itangoyamba kufika m'manja mwa anthu akuda. M'caka ca 1949 kunabwera kawailesi ka batire kochedwa Saucepan Special, cifukwa kanali kooneka monga poto, ndipo mtengo wace unali mapaundi 5. Munthu mmodzi akakagula, anansi onse anali kusonkhana pakhomo pace madzulo. Mwa mau amene anthuwo anali kuyembekeza munali mau a Nkhata, pakuti iwo anali muulutsi ndiponso woimba.

Luso lao linali lotenga nyimbo za kumudzi ndi kuziimba ndi gitala, m'Cibemba, m'Cinyanja ndi m'zilankhulo zina. Anaimbanso za moyo wa m'tauni, za mowa, za cikondi ndi za anyamata oiwala kwao. Poyamba anali ndi kagulu ka oimba anai, kenaka Lusaka Radio Band, imene inadzakhala Big Gold Six Band. Motero munthu wa kumudzi anamva cilankhulo cace cikutuluka m'makina a azungu, ndipo anazindikira kuti nyimbo za makolo ace si zocititsa manyazi.

Pa nthawi yomenyera ufulu a Nkhata anagwirizana ndi cipani ca UNIP, naimba nyimbo zolimbikitsa anthu. Zambia atalandira ufulu m'caka ca 1964, iwo anakhala mmodzi wa akulu-akulu a Zambia Broadcasting Services, ndipo pambuyo pace anatsogolera cigawo ca boma coona za miyambo. Atapuma pa nchito anakakhala pa munda wao ku Mkushi.

Kumeneko ndiko kumene tsoka linawapeza. Zaka zimenezo Zambia anali kusunga omenyera ufulu wa Zimbabwe a cipani ca ZAPU, cotsogozedwa ndi a Joshua Nkomo. Pa 3 September 1978 asilikali a cipanico anagwetsa ndeke ya Air Rhodesia itangonyamuka ku Kariba. Pa 19 October asilikali a Ian Smith analowa mu Zambia ndi ndeke zankhondo, naphulitsa msasa wa ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndi wina wa ku Mkushi, kumene kunafa atsikana ambiri. Msasa wa ku Mkushiwo unali pafupi ndi munda wa a Nkhata, ndipo iwonso anaphedwa pa ciwembu cimeneco. Anapulumuka nkhondo yaikulu ali mnyamata, koma anadzafera kwao ali mlimi wopuma pa nchito.

Zimbabwe analandira ufulu mu April 1980, patangopita caka ndi theka. M'caka ca 1991 kampani ya RetroAfric ya ku London inasonkhanitsa nyimbo zao zakale pa cimbale cochedwa Shalapo. Amene ali ndi agogo omwe anamvera Saucepan Special acite bwino kuwafunsa za a Nkhata agogowo akali moyo.